Khansa sinamve nawo lamulo loti tikhale kunyumba

Malinga ndi chiwerengero cha boma, Covid-19 inapha anthu oposa pang'ono 2,200 m'dziko lonse la Mozambique, kuchokera pa 22 Malichi 2020, tsiku limene nduna ya zaumoyo, a Armindo Tiago, analengeza za wodwala woyamba, mpaka mliriwo utazirala. Khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi pafupifupi 4,000 m'dziko lomweli, ndipo imatero chaka ndi chaka. Opezeka nayo amaposa 5,000 pachaka. Wina anena kuti imfa za Covid-19 sizinawerengedwe zonse, ndipo akunena zoona. Koma za khansa nazonso n'zongoyerekeza, zotengedwa m'mabuku a m'mizinda ngati Beira ndi Maputo. Mayi amene wamwalira akutaya magazi m'mudzi wina kuno ku Mualadzi, m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete, salowa m'buku lililonse. Pamaliro timangoti anadwala nthawi yaitali.

Kwa zaka ziwiri wailesi inkatiuza tsiku ndi tsiku kuti lero apezeka angati, agonekedwa angati, atisiya angati, chigawo ndi chigawo. Zimenezo sindikudandaula nazo. Chimene ndikukana ndi nkhani imene tayamba kuuzana masiku ano, yoti inali nthawi yovuta, tonse tinavutika, tiyeni tiiwale. Sitinavutike mofanana ayi. Malamulo a mliri analembedwa ngati kuti aliyense angathe kudikira, ndipo mayi wodwala khansa ya ziwalo zoberekera ndi amene analipira, popanda ngakhale womuwerenga. Mliri wina utagwa mawa, sindikuona chimene chingaletse kuti alipirenso.

Tikumbutsane mmene zinalili. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. Pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anayambitsa estado de emergência, malamulo a nthawi ya ngozi, n'kumaionjezera kangapo mpaka mu Seputembala pamene inasanduka calamidade pública. Mapemphero anaimitsidwa. Pamaliro anati anthu asapitirire 20. Odzaona odwala m'zipatala anachepetsedwa. Machapa, maminibasi athu, anauzidwa kuti achepetse anthu, ndipo aliyense amene anakwerapo chapa akudziwa kuti mwini wake sanyamuka ndi mipando yopanda anthu pamtengo wakale. M'malire malole a katundu ankadutsa, koma munthu wamba ankafunsidwa zifukwa, ndipo pambuyo pake ankafunsidwa chikalata chosonyeza kuti wayezetsa, chimene mtengo wake mlimi sangaufikire. Ambiri mwa malamulowa anali ndi nzeru zake. Chimene chinasowa ndi chiganizo chimodzi chonena za anthu amene matenda awo sadikira.

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakumana nako, mwamuna ndi mkazi yemwe. Mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa ena kamakhalira, n'kumasintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo la chiberekero. Pamapita zaka 15 mpaka 20 kuti pakhale khansa, koma kwa mayi amene chitetezo chake chinatsika zaka 5 mpaka 10 zimakwana, ndipo mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake chimawirikiza kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo ndi mpata. Kuyambira 2009 dziko lino lili ndi ndondomeko youunika amayi ndi viniga: namwino wa SMI, woona za amayi ndi ana, apaka, adikira mphindi imodzi, ndipo pakaoneka poyera amapaumitsa ndi mpweya wozizira kapena kupatentha ndi kachipangizo, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndi ntchito yaing'ono, yosalira dokotala wamkulu. Vuto lake imafuna kuti mayi amene sakumva kupweteka paliponse anyamuke yekha kupita kuchipatala. Ndani akanapita mu Meyi 2020, pamene wailesi, mfumu, abusa ndi mwana wasukulu onse ankanena mawu amodzi, fica em casa, khalani kunyumba, mphekesera ili yoti ukangotsokomola pamzera akutsekera?

Sizinachitike kwathu kokha. Mu Meyi 2020 bungwe la WHO linafunsa maiko 155, ndipo 42 pa 100 alionse anavomera kuti chithandizo cha khansa chasokonekera. Oposa theka anali ataimitsa ntchito youunika anthu, ndipo pafupifupi onse anali atasamutsira ogwira ntchito za matenda okhalitsa ku Covid-19. Kusiyana kwake n'kwakuti ku London mayi amene sanaunikidwe mu 2020 dzina lake linali m'kompyuta, kalata inamutsatira. Kuno amene waphonya waphonya. Ena mwa amayi amene akanathandizidwa ndi viniga ndi mphindi khumi m'chaka chimenecho ndi amene akufika kuchipatala zaka zino atanyamulidwa.

Tsopano tione amene khansa inali itamugwira kale. Iye njira yake ili ndi zipata zambiri, ndipo chipata chilichonse ndi ulendo. Namwino wa pa centro de saúde akaona chotupa chotuluka magazi amalemba guia, kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu. Ndi guia ameneyo mayi ayenera kukafika ku Hospital Provincial de Tete, makilomita oposa 200 kuchokera kuno. Kumeneko adula kanyama kuti akakaunike, ndipo zotsatira sizituluka tsiku lomwelo. Abwerere kwawo, adzabwerenso. Ikapezeka isanafale, opaleshoni yochotsa chiberekero imatha kumupulumutsa. Ikakhala itafalikira m'mbali, chotsala ndi kuiwotcha ndi makina, pamodzi ndi mankhwala a m'diripi. Makina oyamba otere m'dziko lino anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu Malichi 2019, chaka chimodzi chokha mliri usanafike, ndipo kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Kuwotchako si kwa tsiku limodzi. Munthu amalowa m'makina Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu pafupifupi isanu, ndipo madokotala amalimbikira kuti zonse zithe isanapitirire milungu isanu ndi itatu, chifukwa masiku akamaonjezereka chotupa chimayambanso kukula. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ mu Novembala 2020 anapeza kuti kuchedwetsa chithandizo cha khansa ndi milungu inayi kumakweza chiopsezo cha imfa ndi 6 mpaka 13 pa 100, malinga ndi mtundu wa khansa ndi chithandizo chake. Milungu inayi. Estado de emergência inatha miyezi isanu.

Pali china chimene olemba malamulo ku Maputo sakanachiganizira, koma aliyense wa ku Chifunde amachidziwa. Kuno munthu sayenda ulendo wautali mu Januwale kapena Febuluwale. Misewu imakhala matope, mitsinje yadzaza, m'nkhokwe mulibe kanthu, m'thumba mulibe kanthu. Ndalama imaoneka kuyambira Epulo kupita m'tsogolo, chimanga chikauma, mtedza ukakumbidwa, fodya akayamba kugulidwa. Mayi amene anayamba kuona magazi osadziwika bwino m'dzinja, n'kupirira akuti misewu iume, fodya atuluke, ndipo ndinyamuke, mwezi umene anali kuudikirawo ndi umene anauzidwa kuti akhale pansi. Kwa iyeyo lamulo la mwezi umodzi linali la chaka chathunthu, chifukwa pofika nthawi imene mantha anachepa, ndalama ya fodya inali itapita ku feteleza ndipo mitambo inali itayambanso kuda.

Ndatchula kwambiri khomo la chiberekero chifukwa ndiyo yatipha kwambiri, koma anzake alipo. Pali ya timatumba ta mazira, imene imatupitsa mimba mpaka anthu kumayamikira kuti mayi ali ndi pakati. Pali ya m'kati mwa chiberekero, imene imabweretsa magazi kwa mayi amene analeka kalekale kusamba. Pali ya kunja kumaliseche, yofala pakati pa amene ali ndi HIV. Palinso ina yobwera pambuyo pa mimba imene inapita padera mwachilendo, imene imachizika bwino kwambiri ndi mankhwala ngati wodwala sakudumpha masiku ake. Zonsezi zimafuna chinthu chimodzi, kuti munthu afike pamene akuyembekezeredwa, pa tsiku limene anauzidwa.

Nkhani ya malire ndi imene imandiwawa kuposa zonse. Mapu a boma amati mayi wa ku Mualadzi ayang'ane kummwera: Tete, Beira, Maputo. Miyendo ya anthu imadziwa zina. Katete, ku Zambia, ali pafupi, ndi chipatala chake cha St Francis. Mchinji, ku Malawi, ali pafupi. Lilongwe ali pafupi kuposa Beira, osanena za Maputo. Kumeneko kuli achibale, kuli kogona, ndipo namwino akafunsa kuti zinayamba liti, mayi amayankha m'chinenero chimene anayamwira. Achewa a mbali zitatuzi ndi mtundu umodzi, ndi chifukwa chake mu Ogasiti timakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu akhala akuwoloka kukafuna chithandizo kuyambira kale, mwakachetechete, ena potchula mudzi wa azakhali awo ngati kwawo. Dongosolo limeneli silinalembedwe paliponse, ndipo chinthu chosalembedwa chikatsekedwa palibe amene amaona kuti chatsekedwa. Mayi amene anali atayamba kale chithandizo tsidya lina anangosowa pa tsiku lake. Uko anaganiza kuti wabwerera kwawo. Kuno sankadziwa kuti anali wodwala.

Nanga uja amene anakwanitsa kufika n'kugonekedwa? Amene anachepetsa anthu olowa m'zipatala ankaganiza za alendo obwera ndi nthochi Lamlungu masana. Koma m'zipatala zathu wodikirira wodwala si mlendo. Ndi amene amaphika phala, amachapa nsalu zamagazi, amamugwira mkono popita kuchimbudzi, amathamangira namwino usiku diripi ikatha. Magazi akafunika, ndipo mayi wa khansa imeneyi amawafuna kawirikawiri, nthawi zambiri ndi achibale amene amauzidwa kuti apereke, makamaka m'miyezi ija pamene ana asukulu amene amapereka magazi anali kunyumba. Koposa zonse wodikirira ndi womasulira. Mumzinda wa Tete amalankhula Chinyungwe, ku Beira Chisena ndi Chindau, ku Maputo Chichangana ndi Chironga, ndipo dokotala kulikonse amalankhula Chipwitikizi. Mayi wachikulire wa kuno amene sukulu anailekera m'njira, mukamuchotsera mwana wake wamkazi amene amamva Chipwitikizi, mwamuchotsera makutu ndi pakamwa. Auzidwa kuti chiberekero chichotsedwa, kapena kuti palibenso chimene angachite, ndi munthu wovala chotchinga kumaso, m'chinenero chachilendo, popanda wina woti amuyang'ane. Ena akamva kuti akagonekedwa okha amangokana ulendowo, ndipo ine sindingawadzudzule.

Amene anatsala kunyumba nawo anaona zakuda. Tisabise mawu, pakuti kubisa mawu n'kumene kwatifikitsa pano. Khansa imeneyi ikakula imatulutsa madzi onunkha amene sopo wamba sathetsa. Imatha kuboola njira ya mkodzo kapena ya chimbudzi, mayi n'kumangodontha usana ndi usiku. Ululu wake umagwira msana ndi miyendo, wosagonetsa. Mayi wotere amayamba yekha kudzipatula: asiya kupita kumjigo nthawi imene kuli anthu, asiya kudya ndi anzake, asamukira kukhitchini. Chimene chimamusunga kuti akhalebe munthu ndi amayi anzake, a chigwirizano, a mphakati, a kwaya, amene amabwera ndi ndowa ya madzi, ufa pang'ono, nyimbo ndi nkhani za m'mudzi. Mliri unatseka matchalitchi n'kuphunzitsa anthu kuti kuyendera wodwala n'kuika moyo pachiswe. Munthu amene anali kale kumphepete anakankhidwira kunja kwenikweni, ndipo aliyense amene anamusiya anali ndi chifukwa chomveka, chovomerezedwa ndi boma.

Kumaiko olemera anapeza njira yolankhulana ndi odwala pafoni ndi pa intaneti, ndipo alemba zambiri za mmene zinachepetsera nkhawa. Ndimaseka chowawa ndikamva anthu a m'maofesi akuti nafenso tizitero. M'nyumba zambiri kuno foni ndi ya bambo, imayenda m'thumba mwawo. Netiweki imapezeka pachulu. Mukuganiza kuti mayi aima pachulu, pa foni ya mwamuna wake, ana ali pomwepo, n'kumafotokozera munthu wosamuona mtundu wa zimene zikutuluka kumaliseche kwake?

Yankho limene ndimalimva kawirikawiri n'lakuti boma ndi losauka, mliri unabwera modzidzimutsa, sakanatha kuganizira aliyense. Ndikanavomera ndikanakhala kuti sindine wa ku Tete. Koma chigawo chino ndi chimene chinaphunzitsa dziko lonse lapansi mmene mungasungire wodwala wa kutali pa mankhwala. Mu 2008, odwala HIV a m'midzi ya ku Tete, mothandizana ndi a Médecins Sans Frontières ndi akuluakulu a zaumoyo, anayambitsa magulu a anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, mmodzi n'kumapita kukatengera anzake ma ARV mosinthana mwezi ndi mwezi. Magulu amenewa, a GAAC, anafalikira dziko lonse, ndipo maiko ena anatengera. Covid-19 itafika, unduna wa zaumoyo sunachedwe kulola kuti anthu ambiri azilandira ma ARV a miyezi itatu nthawi imodzi kuti asamabwerebwere. Wina anakhala pansi n'kufunsa kuti, kodi anthu athu a ma ARV titani nawo? Anafunsa chifukwa anali ndi maina awo, ndipo panali wina amene akanamufunsa iyeyo chiwerengero chikanatsika.

Ndiye kunabwera poliyo. Mu Febuluwale 2022 anapezeka mwana mmodzi ku Lilongwe, mu Meyi wina kuno ku Tete, ndipo chaka chimenecho chigawo chino chinapeza ana asanu ndi atatu. Tonse tinaona zimene zinatsatira. Otemera anayenda khomo ndi khomo, kubwereza kangapo, pa njinga zamoto ndi wapansi, kulemba choko pazitseko ndi kupaka inki pa zala za ana. Anafika m'midzi imene galimoto ya boma sinafikepo. Maiko oyandikana anagwirizana masiku, malire sanakhale chopinga. Anachita bwino, ndipo mu 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha. Koma zitatha zimenezo asatiuzenso kuti Mualadzi ndi kutali. Ana asanu ndi atatu anagwedeza chigawo chonse, pamene amayi masauzande pachaka sagwedeza ngakhale mpando umodzi. Poliyo ndi Covid-19 zimatha kukwera ndege n'kukatsikira ku Lisboa kapena ku Washington, ndiye ndalama zake zimapezeka msanga. Khansa ya mayi wa ku Chifunde imafera pamphasa pomwe yamupezapo, siopseza munthu wina aliyense wa kutali.

Chala chisaloze ku Maputo kokha. Inu abambo, kachilombo kameneka kamayenda ndi inu, mulibe chizindikiro, simudwala nako kawirikawiri, koma mkazi wanu akayamba kutuluka magazi mukagona naye, mawu oyamba ndi akuti wayenda ndi ndani. Ena mumakana kuti akaunikidwe chifukwa mwamva kuti akathandizidwa pafunika kudikira milungu ingapo musanakhalire limodzi. Ena matenda akakula mumakapeza wina, n'kumutumiza wodwalayo kwawo kuti abale ake amuone. Mliri unakupatsani chonamizira chabwino: ndalama ya ulendo ilipo, koma boma laletsa kuyenda. Nafenso apabanja timayamba tazungulira kwa asing'anga, mbuzi ziwiri zitapita, kufunafuna amene wamulodza, ndipo pofika kuchipatala namwino amangopukusa mutu. Anamkungwi amaphunzitsa mtsikana zonse za thupi lake ndi za m'nyumba. Akanawonjezera mawu awiri, kuti magazi obwera pambuyo pogonana kapena mutaleka kusamba si a mwambo, ndi a kuchipatala, akanapulumutsa anthu ambiri kuposa zikwangwani zonse za Chipwitikizi zimene zapachikidwa pamakoma.

Pa 17 Novembala 2020, mliri uli pakati, maiko a m'bungwe la WHO anakhazikitsa cholinga chothetsa khansa imeneyi: pofika 2030, atsikana 90 pa 100 akhale atatemeredwa asanakwane zaka 15, amayi 70 pa 100 aunikidwe, ndipo 90 pa 100 a opezeka ndi vuto athandizidwe. Mozambique inayamba kutemera atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Novembala 2021, pambuyo pa Malawi ndi Zambia amene anayamba mu 2019. Katemerayu ndi chinthu chabwino kwambiri chimene chachitika pankhaniyi, ndipo kholo lililonse limene likubisa mwana wake chifukwa cha mabodza oti amatseketsa kubereka likumulakwira mwanayo. Koma mtsikana wotemeredwa mu 2021 phindu lake lidzaoneka zaka makumi awiri zikubwerazi. Amayi ake ndi azakhali ake katemera anawapitirira. Nambala yachitatu ija, ya othandizidwa, ndi imene imawakhudza, ndipo ndi imene imagwa msanga kukangochitika kanthu. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi n'kufikanso ku Niassa ndi kuno ku Tete, anatikumbutsa kuti namwino akakhala mmodzi, tenti ya mliri ikamangidwa chipinda chounikira amayi ndi chimene chimayamba kutsekedwa. Ndipo pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, tinazindikira kuti gawo lalikulu la ntchito youunika amayi amene ali ndi HIV linatsamira pa ndalama za PEPFAR zochokera kubomalo. Chithandizo cha amayiwa chimagwa ndi mphepo iliyonse, kaya ndi ya kachilombo, kaya ndi ya ndale za kutali.

Zimene ndikupempha si makina a mamiliyoni ku Chifunde. Choyamba ndi buku. Mayi aliyense amene walembedwa guia chifukwa chomuganizira khansa alembedwe dzina, mudzi, ndi munthu mmodzi amene adzayankhe za iye, kaya ndi namwino wa SMI kaya ndi APE, wothandiza za umoyo wa m'dera lake. Akapanda kufika ku Tete pa tsiku lake, wina akwere njinga akamufunse chavuta n'chiyani, monga amachitira ndi amene wasiya ma ARV kapena mankhwala a TB. Guia yemweyo, pa nthawi ya mliri, akhale chiphaso chodutsira paliponse, cha wodwala ndi womudikirira mmodzi, ndipo zimenezi zilembedwe m'lamulo lisanafike tsiku la mavuto, wapolisi wa pamsewu azidziwiretu. Wodikirira ayezedwe, avale chotchinga, alowe.

Za malire zikufuna kulimba mtima kwa andale, koma pepala lake lilipo kale. Pangano la zaumoyo la SADC linasainidwa ku Maputo komweko mu 1999, ndipo limanena za kugwirizana potumizirana odwala pakati pa maiko. Lusaka ili ndi Cancer Diseases Hospital kuyambira 2007, ngakhale makina ake nawo amavuta nthawi zina. Lilongwe inatsegula malo ake owotchera khansa mu 2025, pambuyo pa zaka zambiri zotumiza odwala ku India ndi kwina. N'chifukwa chiyani mayi wa ku Mualadzi azidutsa makilomita oposa 1,700 kupita kumene sakamva chinenero, pamene makina ena ali pamtunda woti angathe kunyamuka m'mawa n'kufika dzuwa lisanalowe? Ndikudziwa kuti a ku Malawi adzati mzera wathu ndi wautali kale, ndipo sakunama. Ndiye maboma akhale pansi awerengerane ndalama, monga amachitira pa magetsi a Cahora Bassa ndi pa njanji ya ku Nacala. Malasha a ku Moatize amadutsa m'Malawi usiku ndi usana ndi mapepala okonzeka bwino. Munthu wodwala asakhale wovuta kudutsitsa kuposa malasha.

Ndipo pali morphine. Ambiri mwa amayi amene ndikunenawa sadzachira, tivomereze, chifukwa afika mochedwa. Koma kusachira ndi kufa ukukuwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Uganda, kuyambira 1993 pamene Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, anaonetsa kuti morphine wakumwa, wosungunula m'madzi, ndi wotsika mtengo ndipo namwino wophunzitsidwa angathe kumupereka kumudzi. Ku Malawi kuli a Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi a Ndi Moyo ku Salima amene akhala akuchita ntchito yotereyi kwa zaka zambiri. Pali mapiritsi wamba a metronidazole amene amachepetsa fungo lija, mayi n'kuyambanso kukhala pakati pa anthu. Zinthu zimenezi sizifuna magetsi, sizifuna msewu wa tara. Zikanakhala m'manja mwa anamwino a m'maboma mu 2020, lamulo loti tikhale kunyumba silikanasanduka chilango cha ululu kwa amene sakanatha kuyenda. Paracetamol amene timawapatsa amayiwa n'kuwanyoza.

Aphungu amene mumaimira Tete ku Assembleia da República, ndi inu a ku Serviço Distrital de Saúde ku Chifunde, pali ntchito imodzi imene mungaiyambe sabata ino popanda kudikira wopereka thandizo. Mabuku a m'zipinda za SMI alipo, ndipo mabuku olandirira odwala ku Tete aliponso. Tsegulani a kuyambira Epulo 2020 mpaka Disembala 2021. Werengani amayi amene anaunikidwa mwezi ndi mwezi, muyerekeze ndi a 2019. Werengani amene analembedwa guia chifukwa cha chotupa cha pakhomo la chiberekero, kenaka mufufuze kuti mwa iwowo ndi angati anafika. Otsalawo muwatsatire kumidzi kwawo, mufunse mafumu ndi ma APE kuti anathera kuti. Chiwerengero chimenecho muchiwerenge pa wailesi, m'Chinyanja, nthawi yomwe ija munkatiwerengera za Covid-19.